Malasha, Malaiki ndi Mtengo wa Munthu

Mu 2011 kampani ya Rio Tinto inagula Riversdale, kampani ya ku Australia imene inali ndi mgodi wa malasha wa kuno ku Benga. Inalipira ndalama zotsala pang'ono kukwana madola 4 biliyoni a ku America. Patangopita zaka zitatu, mu 2014, inagulitsa mgodiwo pamodzi ndi malo ena a malasha amene inali nawo muno m'chigawo cha Tete kwa ICVL ya ku India pa madola 50 miliyoni okha. Nthaka inali yomweyo, m'mbali mwa Zambezi ndi Revúbuè, ndipo malasha anali pomwe anakhala kuyambira kalekale. Chimene chinasintha ndi mitima ya ogula. Mtengo wa malasha pa msika wa dziko lonse unatsika, boma linakana zoti malashawo azitsetsereka ndi mabwato pa Zambezi kupita kunyanja, ndipo malasha abwino osungunulira chitsulo anapezeka ocheperapo kusiyana ndi mmene eni ndalama ankawerengera.

Choncho ife a kuno sitisowa wotiphunzitsa kuti mtengo wa chinthu umakwera m'mawa n'kugwa madzulo. Tinaona lendi ya nyumba ku Moatize ndi ku Tete ikukwera mpaka mwini mudzi kulephera kulipira, kenaka tinaiona ikutsika alendo atachoka. Kwa malasha ndi nyumba, imeneyo ndi nkhani ya msika basi. Funso limene likundivuta ine ndi lina: chimachitika n'chiyani munthu akayamba kudziyeza yekha ngati katundu wa pamsika, mtengo wake n'kumaikidwa ndi anthu odutsa? Ndikufunsa chifukwa masamba a mchezo a pa intaneti, monga Facebook, TikTok, Instagram ndi status ya pa WhatsApp, atsegula msika wotere m'thumba mwa aliyense amene ali ndi foni.

Pachipwitikizi pali mawu akuti auto-estima. Pachinyanja tilibe liwu limodzi lofanana nawo, koma chinthucho timachidziwa bwino, makamaka chikasowa. Timati munthu akudziderera, akudzikayikira, akudziona wachabechabe. Chikakhalapo timati uyu ndi wokhazikika mtima, amadzidziwa, satengeka ndi zonena anthu. Chimenechi n'chosiyana ndi matama. Wamatama sakhala bwino popanda omuonera, pamene wodzidziwa amatha kukhala phee pagulu osamva kuti wachepa.

Kudziyerekeza ndi anzathu sikunabwere ndi foni. Mu 1954 katswiri wa za maganizo wa ku America, Leon Festinger, anafotokoza kuti munthu akasowa muyeso wodziyezera, amayang'ana anzake kuti adziwe pamene iye ali. Agogo athu sanamvepo za Festinger, koma ankadziwa kuti mlimi amasuzumira nkhokwe ya mnzake. Kusiyana kwake n'kwakuti mnzakoyo unkamudziwa yense. Ukasirira ng'ombe zake, unkadziwanso kuti mwana wake ndi wodwala, ndiponso kuti chaka chatha anabwera kwa iwe kudzapempha mbewu. Nsanje inkakumana ndi chifundo panjira, ziwirizo n'kuchepetsana mphamvu.

Lero sizili choncho. Kuchokera pamene Movitel inayamba ntchito mu 2012 n'kufikitsa netiweki m'midzi yambiri, kuwonjezera pa Vodacom ndi mcel imene tsopano ndi Tmcel, ndipo mafoni otchipa atadzaza m'misika, mtsikana wa ku Benga kapena mnyamata wa ku Zóbuè akagula mamega ochepa amadziyerekeza ndi anthu mazanamazana usiku umodzi. Amaona wa ku Maputo akudya m'malo owala magetsi, msuweni wa ku Joni atatsamira galimoto, woimba wa ku Lagos atavala golide. Aliyense mwa iwo wasankha chithunzi chimodzi pa zithunzi zambiri zimene anajambula tsikulo. Galimotoyo mwina ndi ya abwana ake, ndipo msuweniyo mwina amagona m'kachipinda ka anthu asanu, koma zimenezo sizilowa pa status. Woonerayo amaudziwa moyo wake wonse, ngongole zake, ufa wotsala pang'ono m'thumba, nsapato yong'ambika, n'kuuika pasikelo ndi mphindi imodzi yosankhidwa ya mnzake. Sikelo yotereyi imagwera mbali imodzi nthawi zonse.

Kunotu tili ndi chifukwa chathuchathu chokayikira zithunzi. Mabanja amene anasamutsidwa kuti migodi ipeze malo, a ku Cateme amene anachotsedwa ndi Vale ndi a ku Mualadzi amene anachokera cha ku Capanga, anapatsidwa nyumba za simenti zofolera malata, zoima pamzere. Pa chithunzi zinkaoneka ngati chitukuko chenicheni. Koma mu 2013 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti losonyeza kuti ambiri mwa anthuwo ankavutika ndi madzi, nthaka yosabereka ndi kutalikira misika imene ankadalira. Chithunzi sichinaname, nyumbazo zinalipodi. Chinangosiya kunja mtsinje umene anthuwo anataya. Makolo anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati tinaphunzira kufunsa za m'kati mwa nyumba ya ku Mualadzi, tiphunzirenso kufunsa chimodzimodzi tikaona chithunzi cha mnzathu pafoni.

Chinthu chachiwiri chimene masambawa abweretsa ndi nambala. Facebook inayamba mu 2004, koma batani la laiki linabwera mu 2009. Kale ulemu sunkawerengeka. Palibe akanati amayi awa amalemekezedwa ndi anthu 37, awo ndi anthu 120. Unkangodziwa kuti mawu awo amamveka pabwalo. Tsopano mtsikana akaika chithunzi chake, pansi pake pamatuluka nambala imene iye ndi anzake onse akuiona. Akaika china mawa n'kupeza nambala yocheperapo, amayamba kudzifunsa chimene chalakwika pa nkhope yake. Ena amachotsa chithunzi chikakhala maola angapo osapeza malaiki okwanira, ngati wamalonda akuchotsa tomato wofota pabenchi.

Nambalayo imakwera ndi kutsika pa zifukwa zimene iye sakuzidziwa: nthawi imene waika chithunzicho, kuti anzake anali ndi mamega kapena ayi, ndi mmene makina a kampani asankhira. Makampaniwa amapeza ndalama potsatsa malonda. Munthu akakhalitsa pafoni, amaona malonda ambiri. Ndiye makinawo amasankha zokuonetsa potsata chimene chimakuimitsa chala, ndipo kawirikawiri chimene chimaimitsa chala ndi chimene chimautsa kusirira, mkwiyo kapena mantha. Mtendere wa mumtima mwako suli m'masamu awo.

Eni ake amadziwa zimenezi. Mu 2021 mayi wina amene ankagwira ntchito ku Facebook, Frances Haugen, anatulutsa zikalata za m'kati mwa kampaniyo n'kukachitira umboni ku nyumba ya malamulo ya ku America. Zina mwa zikalatazo zinasonyeza kuti ofufuza a kampaniyo anali atapeza kale kuti pafupifupi mtsikana mmodzi mwa atatu ananena kuti akakhala wosasangalala ndi thupi lake, Instagram imawonjezera vutolo. Mu 2018, pa yunivesite ya Pennsylvania, Melissa Hunt ndi anzake anatenga ophunzira 143, ena mwa iwo n'kuwauza kuti kwa milungu itatu asapitirire mphindi 10 patsiku pa lililonse la masamba atatu, Facebook, Instagram ndi Snapchat. Amene anachepetsawo anapezeka kuti kusungulumwa ndi kuvutika maganizo kwawo kwachepa. Koma tisakokomezenso. Mu 2019 Amy Orben ndi Andrew Przybylski a ku Oxford anaunika mayankho a achinyamata oposa 350,000 n'kupeza kuti kugwirizana kwa zipangizozi ndi kusakondwa kwa achinyamata kulipo, koma n'kochepa kwambiri ukawaphatikiza onse pamodzi. Ine ndimazimva motere: fumbi la malasha limagwera aliyense, koma amene amatsokomola kwambiri ndi uja anali kale ndi chifuwa.

Nanga a chifuwa kuno kwathu ndi ndani? Malasha anagawa achinyamata athu foni isanafalikire. Pali amene analowa mumgodi, ali ndi ovololo yonyezimira, chipewa cholimba ndi malipiro a mwezi ndi mwezi. Pali amene anamaliza nawo limodzi 12ª classe koma mpaka lero akuyenda ndi envulopu ya makalata, akuotcha makala kapena kunyamula anthu panjinga yamoto. Kale awiriwa ankakumana mwa apo ndi apo, pamsika kapena pamaliro. Tsopano wopanda ntchitoyo amamuona mnzake m'mawa uliwonse asanadzuke pamphasa, ataima pafupi ndi chimgalimoto cha mumgodi. Wantchitoyo sanalakwe, akungosangalala ndi thukuta lake. Koma woonerayo, ngati palibe womuuza china, amayamba kukhulupirira kuti kusowa ntchito kwake ndi chilema cha iye mwini, pamene mgodi wa makina akuluakulu sungalembe mudzi wonse. Ena amabwereka zovala kapena kukongola ndalama kuti akadzijambule pa mlatho wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014, n'cholinga choti nawonso aoneke kuti zikuyenda. Malaiki akabwera, mtima umazizira pang'ono. Koma iye amadziwa kuti anthuwo akuombera m'manja munthu wongopeka, ndipo akabweza malaya kwa mwini wake amadziona wochepa kuposa poyamba.

Kwa atsikana nkhaniyi imafika pakhungu. Mafiluta ambiri a pafoni amayeretsa khungu, kuchepetsa mphuno ndi kusalaza nkhope. Mtsikana akazolowera nkhope ya pafoniyo, ya pagalasi imayamba kumuoneka ngati yolakwika, ndipo kuchoka pamenepo kupita ku mafuta oyeretsa khungu a pamsika si patali, ngakhale ena mwa mafutawo ali ndi mankhwala owononga khungu ndi impso. Izi zimandikumbutsa mbiri yathu. Mpaka mu 1961 malamulo a atsamunda achipwitikizi ankagawa anthu akuda pawiri, indígena ndi assimilado. Kuti munthu alandire chikalata cha assimilado ankayenera kusonyeza kuti amalankhula Chipwitikizi bwino, ali ndi ntchito yomudyetsa, ndipo wasiya miyambo ya makolo ake. Woyeza anali mlendo ndipo muyeso unali wa mlendo. Agogo athu ankakakamizidwa ndi lamulo. N'zomvetsa chisoni kuti zidzukulu zawo zikuima pa sikelo yofanana ndi imeneyo mwa kufuna kwawo, n'kumalipiranso mamega.

Apa wina angandiimitse n'kunena kuti: “Achimwene, si inu nomwe mumatiphunzitsa kuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu? Ngati munthu ndi munthu chifukwa cha anzake, cholakwika n'chiyani mwana akamafuna kuti anzake amuone?” Funsoli ndi lolemera ndipo sindikufuna kulithawa. Alangizi ena amati munthu azidzikonda yekha, asamasamale zonena anthu. Malangizo amenewo kwa ife ndi achilendo, ndipo ndikuganiza kuti si oona kwa munthu aliyense. Mwana amadziwa kuti ndi wofunika chifukwa anakuona m'maso mwa amayi ake. Dzina limene timadziwika nalo anatipatsa ndi ena. Palibe amene amadziumba yekha. Choncho njala yofuna maso a anthu si matenda, ndi umunthu womwewo.

Pamene ndikusiyana naye wofunsayo ndi pa mtundu wa masowo. Pali kuonedwa, palinso kudziwidwa. Wokuona amafuna mphindi imodzi, ndipo akangotsitsa chala wakuiwala. Wokudziwa anakuona ukulephera mayeso, ukudwala malungo, ukukwiya popanda chifukwa, koma mawa lake anabweranso kudzakupatsa moni. Mwambi uja ukamati tili tiwiri, ukunena anthu amene angasenzerane katundu, amene mmodzi akasowa mnzake amapita kukagogoda. Otsatira 5,000 a pa TikTok sadziwa khomo lako. Ulemu wochokera kwa okudziwa umakhazika mtima pansi chifukwa wadutsa kale pa zofooka zako. Ulemu wochokera kwa ongokuona umafuna kuuthirira tsiku ndi tsiku, chifukwa umadalira kuti zofookazo zisaoneke.

Kusiyana kumeneku ndimakuona pa ntchito yanga ya pa wailesi ya m'dera. Nthawi imene anthu amaikonda kwambiri ndi ya moni. Munthu amaimba foni kapena kutumiza uthenga kuti tipereke moni kwa amayi ake kumudzi, kwa alamu ake ku Zóbuè, kwa mnzake amene ali m'chipatala. Nayenso amasangalala kumva dzina lake likutchulidwa, ndipo palibe choipa pamenepo. Koma moniwo uli ndi kopita. Ukuchoka kwa munthu wodziwika kupita kwa munthu wodziwika, ndipo womvera kumudziko amati, “Mwana uja akundikumbukira.” Palibe amene amaimbanso foni kufunsa kuti moni wake amvera anthu angati.

Ana athu a 11ª ndi 12ª classe amakumana ndi dzina la Immanuel Kant mu phunziro la filosofia. Mu 1785 iye anasiyanitsa zinthu zimene zili ndi mtengo ndi zimene zili ndi ulemu wosagulika. Cha mtengo ungachisinthe ndi chinzake chofanana nacho, monga thumba la chimanga ndi thumba lina. Munthu alibe cholowa m'malo mwake, choncho sangaikidwe mtengo. Makolo athu ankaphunzitsa zomwezo ndi zochita. Maliro akagwa m'mudzi, khasu limagona. Sitifunsa kuti womwalirayo anali ndi ng'ombe zingati kapena anali wokongola motani. Adzukulu amakumba manda a wosauka mofanana ndi a wolemera. Ngati timadziwa zimenezi za munthu wakufa, tiyenera kuzidziwanso za wamoyo amene chithunzi chake chapeza malaiki atatu.

Sindikunena kuti titaye mafoni mu Zambezi. Mayi wogulitsa mbatata ndi kabichi zochokera ku Angónia amaika katundu wake pa status n'kupeza ogula asanafike pamsika. Uthenga wa maliro umafika ku Blantyre ndi ku Johannesburg tsiku lomwelo. Mu Januwale 2022, pamene namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize, mabanja ankafunsana za moyo kudzera pa mafoni omwewa. Ndipo kumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala 2024, pamene intaneti ya pafoni inkadulidwa ndipo masamba a mchezo anatsekedwa pa nthawi ya zionetsero za pambuyo pa chisankho, tonse tinaona kuti malonda ndi mauthenga a pabanja amadalira njira zimenezi. Palinso achinyamata amene apeza kulimba mtima pamasamba omwewa: woimba amene wailesi zazikulu sizikanamumva, telala amene zosoka zake zaonedwa kutali, wolumala amene wapeza anzake a vuto lofanana ndi lake. Taonani kuti mwa onsewa chimene chili pamsika ndi mbatata, nyimbo, zosoka, uthenga. Munthuyo ali kumbuyo kwa benchi. Vuto limayamba iye mwini akakwera pabenchipo.

Ndiye tili ndi mangawa otani kwa wina ndi mnzake? Woika zithunzi ali ndi ufulu wosangalala poyera, koma akumbukire kuti akuoneredwa ndi mng'ono wake amene akukhulupirira zonse. Amene muli ku Joni kapena mumgodi, mukabwera kumudzi muziwauza ana chilungamo cha moyo wa kumeneko, lendi yake, mantha ake ndi kutopa kwake. Wolemba ndemanga akumbukire kuti mawu amene sangawanene pamaso pa amayi a mtsikanayo sayenera kuwalemba pansi pa chithunzi chake. Kuseka mano a munthu, khungu lake kapena nyumba yake yaudzu m'gulu la WhatsApp n'kumuchititsa manyazi pabwalo limene silibalalika, chifukwa mawuwo amakhalabe pomwepo ndipo iye amabwerera kukawawerenga usiku.

Makolo ndi amalume ali ndi gawo lalikulu koposa. Dziko la Australia linakhazikitsa lamulo mu 2024 loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi maakaunti pa masamba ena a mchezo. Kuno lamulo lotere kulibe, ndipo ngakhale likanakhalapo silikanalowa m'malo mwa ntchito ya pakhomo. Pali zing'onozing'ono zothandiza: foni isagone pamphasa ya mwana, pa nthawi ya nsima ikhale patali, ndipo pa Instagram ndi Facebook pali pobisira chiwerengero cha malaiki. Koma chachikulu n'chakuti mwana wothamangira malaiki nthawi zambiri ndi mwana amene kunyumba amatchulidwa dzina pokhapokha akalakwa. Ambiri a ife tinaleredwa ndi makolo osayamikira poyera, poopa kuti mwana angatukumuke. Nthawi imeneyo panalibe wopikisana nawo. Lero ukapanda kumuuza mwana wako chabwino chimene uli kuona mwa iye, akachifunsa kwa alendo, ndipo alendowo amayankha mmene afunira.

Makolo anatisiyira mwambi wakuti ukaipa dziwa nyimbo. Ena amaumva ngati chipongwe, koma ine ndimaona nzeru mmenemo. Ukutiuza kuti malo a munthu pagulu angamangidwe pa chimene amatha kuchita ndi kupatsa anzake, ngakhale nkhope itakana. Mnyamata amene amadziwa kukonza njinga yamoto, kuwedza pa Zambezi, kuumba njerwa kapena kuphunzitsa ana masamu ali ndi pogwira pamene nambala za pafoni zagwa, chifukwa luso lake amalidziwa yekha m'manja mwake ndipo amene anawathandiza amalidziwanso. Magulu athu a chikhalidwe, makwaya, matimu a mpira ndi mabwalo a gule ali ndi ntchito imeneyi: kupatsa wachinyamata malo amene akajomba anthu amafunsa kuti lero ali kuti.

Mgodi wa Benga wasintha eni ake kangapo, ndipo mtengo wa malasha udzapitiriza kukwera ndi kutsika potsata misika ya ku India ndi China imene ambiri a ife sitidzaiona. Zimenezo sitingaziletse. Koma mwana wa mlongo wanu amene wakhala chete pakhonde madzulo ano, maso ali pafoni, mungathe kumuitana ndi dzina lake, kumufunsa mmene tsiku lamuyendera, n'kudikira mpaka ayankhe.